Lubani wa m'nyumba: timitengo, makoni, utomoni kapena udi, nanga muyatsira pa chiyani?

Pa kabati yanga ku Chilenje pali kansalu koluka pamanja kamene apongozi anga anabwera nako kuchokera ku Katete. Pakati pake pali kabowo kakuda, ndipo ndinaboola ndine. Ndinagula chofukizira chosemedwa bwino ngati bwato, ndinazikapo kamtengo ka lubani, n'kupita kukapakula nsima. Kamtengoko kanali katali kuposa bwatolo, ndiye phulusa lamoto linagwera panja. Apongozi atabwera anakaona kansaluko, n'kungoti, "Apongozi, kani makoswe a mu Lusaka amasuta fodya?" Kuyambira tsiku limenelo sindiyambanso ndi kukongola pogula chofukizira. Ndimayamba ndi funso loti phulusa ligwera pati.

Mawu oti lubani kuno timatchulira chilichonse chonunkhira chimene timayatsa, ngakhale kuti mwini dzinalo ndi utomoni uja wa kutchalitchi. Inenso nditero, koma ndizisiyanitsa pofunika kutero.

Zoti muone musanatulutse ndalama

Choyamba ndi chipinda chanu. Amene akukhala m'chipinda chimodzi cha lendi ku Chawama, chokhala ndi zenera limodzi loyang'ana khoma la neba, sangayatse zofanana ndi wa ku Kabulonga amene balaza lake lili ndi makomo awiri. Lubani aliyense woyaka amatulutsa utsi, ndipo utsiwo uyenera kukhala ndi potulukira.

Chachiwiri ndi anthu a m'nyumbamo. Ngati muli khanda, munthu wa mphumu, kapena agogo otsokomola, nkhaniyi yasintha kale. Utsi wonunkhira umalowa m'mapapo monga utsi wina uliwonse.

Chachitatu ndi phulusa ndi moto: zigwera pati, chiwiyacho chitentha bwanji, nanga mwana akachikhudza kapena mphaka akachigwetsa chichitike n'chiyani.

Chachinayi ndi ndalama, koma osati ya tsiku logula lokha. Chofukizira mumagula kamodzi, choyatsacho mumagula mwezi ndi mwezi. Pali zofukizira zotchipa zimene zimafuna lubani wodula komanso wosowa.

Chomaliza ndi magetsi. Amene tinali mu Lusaka mu 2024, madzi atatsika ku Kariba chifukwa cha chilala, tikudziwa kuti chinthu chodalira soketi chimatha kukhala chokongoletsa chabe kwa maola ambiri pa tsiku.

1. Timitengo ta lubani

Uyu ndiye lubani wa aliyense. Ambiri amachokera ku India, kumene amamutcha agarbatti, ndipo mizinda ya Bengaluru ndi Mysuru ndiyo imadziwika kwambiri pa ntchitoyi. Mkati muli kansungwi kopyapyala, kunja anamatako phala louma. Tilipo ta mitundu iwiri, ndipo mukadziwa kusiyanitsa simupusitsidwanso ndi chithunzi cha pa paketi. Takuda tosalala ndi ufa wa makala umene anauviika m'mafuta onunkhira. Fungo lake ndi laukali ndipo paketi ikakhalitsa yotsegula limathawa. Tofiirira tokhakhala, tothothoka ufa m'zala, amatitcha masala: fungo analisakaniza m'phalamo, limatuluka modekha ndipo limakhalitsa. Kamtengo kamodzi kamayaka mphindi 30 mpaka 45.

*Ndalama.* Palibe njira yotsika mtengo kuposa iyi. Ta masala timakwererapo pang'ono, koma kusiyana kwake ndi kochepa poyerekeza ndi kusiyana kwa fungo. Chofukizira nachonso n'chotchipa, ndipo kunena zoona mukhoza osagula n'komwe: kambale kadothi kodzaza mchenga kapena mpunga wosaphika kamagwira kamtengo bwinobwino ndi kulandira phulusa lonse.

*Kupezeka.* Ku Kamwala m'masitolo a amwenye, m'masitolo akuluakulu a m'mamolo, ngakhale pa tuntemba tina m'makomboni. Zofukizira zosema mungazipeze kapena kuuza wosema akupangireni ku Kabwata Cultural Village, kapena pa msika wa Lamlungu ku Arcades. Mukapita, tengani kamtengo kamodzi m'chikwama. Kazikeni pabowo pamaso pa wogulitsa muone zinthu ziwiri: ngati bowolo likukagwira osapendekeka, ndiponso ngati nsonga yake ikuthera mkati mwa chofukiziracho. Ine ndikanachita zimenezi, kansalu ka apongozi kakanakhala kabwinobwino.

*Kasamalidwe.* Kathabwa kathyathyathya n'kosavuta kupukuta, koma kamphepo kakangodutsa phulusa limamwazika, ndipo mwezi wa Ogasiti mphepo ya mu Lusaka siipempha chilolezo polowa. Kabokosi kotseka kokhala ndi timabowo pamwamba kamasunga phulusa mkati, komanso mwana sangagwire moto. Vuto lake n'lakuti chivundikiro chimachita mwaye womata umene umanunkha chiwisi mukapanda kupukuta sabata ndi sabata. Kabowo kozikapo kamatsekeka ndi zotsalira za nsungwi, muzikatokosa ndi singano.

*Zoopsa.* Moto wake ndi waung'ono kotero umaiwalika. Makatani, mapepala ndi neti ya udzudzu ndizo zimagwira msanga. Timitengo takuda totchipa kwambiri timapweteketsa ena mutu chifukwa cha mankhwala osungunulira fungo. Mukaona kamtengo kakutulutsa utsi wakuda m'malo mwa woyera, kazimitseni.

2. Makoni, ndi zofukizira za utsi wotsika

Makoni ndi tizidutswa tosongoka ngati kachulu, topanda nsungwi mkati. Kamodzi kamatha pa mphindi 15 kapena 20, koma utsi wake ndi wambiri chifukwa moto ukamatsika umapeza potakata. Apa m'pamene pali zofukizira zija zadzaza pa Facebook ndi TikTok, zooneka ngati phiri kapena mathithi, utsi ukutsika m'timasitepe ngati madzi. Chinsinsi chake si matsenga: koniyo ili ndi bowo kunsi, utsi umazizira podutsa m'bowomo, umalemera kuposa mpweya, n'kutsika.

*Ndalama.* Makoni wamba sasiyana kwenikweni ndi timitengo. Chofukizira cha mathithi ndicho chodula, ndipo chimafuna makoni akeake obooka. Wamba mukaikapo utsi umangokwera ngati masiku onse.

*Kupezeka.* Makoni wamba alipo kumene kuli timitengo, ngakhale mitundu ya fungo ndi yochepa. Obookawo ndiwo vuto. Kawirikawiri mumapatsidwa kathumba kamodzi pogula chofukiziracho, akatha mumayamba kuyendayenda kapena kudikira wooda kunja. Funsani wogulitsa ngati amagulitsanso makoni paokha. Akayamba kukanda m'mutu, mwadziwa.

*Kasamalidwe.* Apa ndikhalitsepo pang'ono, chifukwa kanema saonetsa. Utsi wotsikawo umasiya mafuta achikasu omata m'njira yonse imene wadutsa, ndi patebulo pomwe ukasefukira. Mafuta amenewa amanunkha ngati chitsa chopserera chonyowa ndi mvula. Muyenera kutsuka ndi sopo ndi madzi otentha pafupifupi nthawi iliyonse mwayatsa, ndipo timakona ta mathithiwo timafuna mswachi wakale. Komanso utsiwo umatsika bwino pokhapokha m'chipinda mulibe kamphepo, kutanthauza kuti mutseke mazenera. Ndiye taganizani: kuti chikongole, mupume utsi wonse nokha.

*Zoopsa.* Koni imatenthetsa kwambiri pamene yakhala. Pa thabwa imasiya chipsera, pa pulasitiki imasungunula. Ikhale pa dothi lootcha, pa mwala kapena pa kachitsulo. Zofukizira zina zotchipa zimaoneka ngati mwala koma ndi pulasitiki yolimba yopentedwa. Igogodeni ndi chikhadabo, dothi lootcha limalira, pulasitiki imangoti phu.

Ine changa cha mathithi ndinachiyatsa kanayi. Tsopano chimakhala pa shelefu, ana amaikamo mabatani.

3. Lubani weniweni wa utomoni pa khala la moto

Uyu ndiye amene anzeru a kum'mawa aja anapereka pamodzi ndi golide ndi mure. Ndi utomoni wa mitengo ya Boswellia imene imamera m'malo ouma a ku Somalia, Ethiopia, Yemen ndi chigawo cha Dhofar ku Oman. Amatema khungwa, mumatuluka madzi oyera ngati mkaka, akauma amakhala timibulu tachikasu. Mure naye ndi utomoni, wa mitengo ya Commiphora, wofiirira ndipo fungo lake ndi lowawirako. Amene munalowapo mu Cathedral of the Child Jesus pa Misa ya chikondwerero mukulidziwa fungo limeneli. Kwa ine palibe kamtengo kapena koni imene imafikapo.

*Ndalama.* Kathumba kake kamaoneka kodula poyamba, koma pa nthawi imodzi mumangofuna timibulu tiwiri kapena titatu, ndiye kamakhalitsa. Ndalama ina imapita ku makala ozungulira oyaka msanga aja amene osuta shisha amagwiritsanso ntchito. Koma ngati pakhomo pali mbaula, khala limodzi la malasha lofiira bwino likukwanira, simulipira kanthu.

*Kupezeka.* M'masitolo ogulitsa zipangizo za kutchalitchi, kwa amalonda achisilamu cha ku Kamwala, ndi kwa ogulitsa zitsamba m'misika ikuluikulu monga Soweto. Wa kumsika muonetsetse, chifukwa ena amasakaniza ndi utomoni wa paini kapena timiyala. Weniweni ukamufikisa m'zala amafewa pang'ono n'kumata, ndipo amamveka kafungo konga ka ndimu. Chofukizira chabwino ndi kambale kadothi kokhuthala, konga tija amaumba ndi kugulitsa m'mbali mwa msewu ku Kalingalinga, kapena chachitsulo chokhala ndi chogwirira chamtengo.

*Kasamalidwe.* Thirani mchenga kapena phulusa lakale pansi pa mbale, kuya kwake ngati zala ziwiri, kenaka khala pamwamba. Musafulumire. Dikirani khalalo lichite imvi kunja, ndiye muikepo timibulu. Mukaika lili lawilawi utomoni umapserera, nyumba yonse n'kununkha ngati tayala. Ena amaika kapepala ka foyilo pakati pa khala ndi utomoni kuti uzisungunuka pang'onopang'ono, ndipo zimathandizadi. Ukada, uchotseni ndi supuni yakale musanaike wina. Ntchito ilipo, si lubani woyatsa uku mukuthamangira minibasi.

*Zoopsa.* Zazikulu kuposa njira zonse. Makala amatulutsa mpweya wa carbon monoxide umene suoneka, sununkha, koma umapha. Tonse tinamvapo za mabanja ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka m'miyezi ya Juni ndi Julaye. Khala limodzi si mbaula yathunthu, komabe lamulo ndi lomwelo: zenera lotsegula, ndipo mbale ituluke panja musanagone. Chinanso, zofukizira zamkuwa. Dziko lathu ndi la kopa, ndipo timbale tonyezimira timeneti timakopa maso, koma mkuwa umatenga kutentha mofulumira kwambiri. Popanda mchenga mkati ndi kathailosi pansi, mupsa zala ndipo tebulo lichita chipsera chozungulira. Chosema chamtengo, ngakhale cha mukwa wolimba uja ena amati mlombwa, musaikemo khala pokhapokha mkati muli kambale kachitsulo.

Pali choopsa china chimene si cha moto. Fungo la lubani uyu limayenda, ndipo pa mdadada wa nyumba za lendi limabutsa mafunso. Tsiku lina alandilodi anga akale anagogoda n'kufunsa, "Amake mwana, kodi muno mwayamba kuitana mizimu?" Ena amaganiza kuti mukuchotsa minyama, ena amati mukubisa fungo la chamba. Ndinawapatsa timibulu tingapo kuti akayese okha, nkhani inathera pomwepo.

4. Udi ndi bakhoor pa chofukizira chamagetsi

Bakhoor ndi tizidutswa ta mtengo kapena timabuledi ta ufa toviikidwa m'mafuta onunkhira, chizolowezi cha Aluya ndi anthu a m'mbali mwa nyanja ku East Africa. Amayi amafukizira zovala, makatani ndi tsitsi. Udi weniweni umachokera ku mitengo ya Aquilaria ya ku Asia, ndipo umapangika mtengowo ukadwala nkhungu n'kutulutsa utomoni wakuda podziteteza. Mitengoyi inachepa moti kuyambira 2004 mitundu yonse ya Aquilaria ili pa mndandanda wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a zomera ndi nyama zimene zikutha, ndipo udi wabwino ndi umodzi mwa mitengo yodula kwambiri padziko. Choncho kabotolo kotchipa kolembedwa oud dziwani kuti ndi fungo lopanga. Sikuti n'koipa, kungoti musalipire ngati weniweni.

*Ndalama.* Njira yodula kuposa zonse pano, chofukizira ndi choyatsa chomwe. Mukhoza kuchepetsa poyatsa bakhoor pa khala monga utomoni, koma mwabwerera ku zovuta za makala.

*Kupezeka.* Kwa ogulitsa mafuta onunkhira achiarabu m'tauni ndi m'mamolo, ndi kwa amayi ooda katundu ku Dubai kapena ku Dar es Salaam kudzera pa Nakonde. Vuto n'lakuti mtundu umene mwaukonda lero mwina ulendo wotsatira sabwera nawo.

*Kasamalidwe.* Kambale kotenthetsera kamamata shuga ndi mafuta opserera. Palani kakadali kofunda. Onani pulagi musanachoke m'sitolo, chifukwa zina zimabwera ndi ya mano awiri pamene masoketi athu ambiri ndi a mano atatu. Zilipo zotchaja ngati foni, ndipo ndizo zimapirira magetsi akathima, koma batire likafa chafa chonse.

*Zoopsa.* Utsi ndi wochepa kusiyana ndi pa khala, ndipo palibe lawi. Koma zambiri zotchipa sizidzizimitsa zokha. Mukaiwala kuzimitsa magetsi atapita, akabwera pakati pa usiku chimayamba kutentha inu muli mtulo. Zulani pulagi nthawi zonse. Fungo la bakhoor limakakamira pa nsalu masiku angapo, zimene ndi zabwino mukalikonda, chilango mukapanda kulikonda.

5. Mafuta onunkhira pa kakandulo

Uyu si lubani kwenikweni, koma ndamuikapo chifukwa cha nyumba zimene utsi suloledwa. Ndi kachiwiya kadothi, pamwamba kambale ka madzi odonthezamo mafuta, pansi kakandulo kakang'ono.

*Ndalama* ndi yapakatikati, ndipo imapita kwambiri ku timakandulo. *Kupezeka* n'kosavuta m'masitolo a ziwiya za m'nyumba. *Kasamalidwe* ndi kuonjezera madzi asanaphwe, apo ayi mafuta amapserera ndipo kambale kamang'aluka. *Zoopsa* ndi lawi losatchinga ndi madzi otentha. Komanso mabotolo a mafutawo akhale kutali ndi ana, chifukwa ndi poizoni akamwa. Wa mphumu ayambe wayesa pang'ono, popeza ena fungo lokhalo limawatsamwitsa ngakhale palibe utsi.

Za fungo

Pano aliyense ali ndi mphuno yake, koma zina ndaziona mobwerezabwereza. Sandalwood ndi wodekha ndipo alendo ambiri sadandaula naye, ngakhale kuti wa m'mapaketi otchipa ndi wongoyerekeza, poti mtengo weniweniwo ndi wodula. Nag champa ndi wotsekemera ndi wolemera, amayenera balaza lalikulu. M'kachipinda amakhala ngati wakukhalani pachifuwa. Rozi ndi jasmine amatopetsa msanga m'mwezi wa Okutobala kukatentha. Lemongrass ndi mafungo a ndimu ndiwo amapepuka nyengo imeneyo. Za sitiroberi, chokoleti ndi vanila ine ndinazisiya, zikayaka zimamveka ngati switi yagwera pa mbaula.

Lubani sachotsa fungo loipa, amangokwera pamwamba pake. Mukakazinga kapenta n'kuyatsa rozi nthawi yomweyo, mupeza kapenta wa rozi, amene ndi woipa kuposa kapenta yekha. Tsegulani makomo kaye, fungo la ndiwo lituluke, lubani abwere pambuyo. Ndipo musadalire timitengo tolembedwa citronella kuti tikutetezeni ku malungo nthawi ya dzinja. Neti ikhalepobe.

Nanga inu mutenge chiti?

Ngati mukukhala m'chipinda chimodzi m'komboni, tengani timitengo ta masala, thyolani pakati muziyatsa theka, muzike m'kambale ka mchenga pafupi ndi khomo lotsegula. Makala ndi makoni asiyeni, chipindacho sichingawakwanitse.

Ngati pakhomo pali ana oyenda ogwiragwira, kabokosi kotseka koikidwa pamwamba pa kabati ndiko kabwino, kapena chamagetsi chimene mumazula mukangomaliza.

Ngati pali khanda kapena wa mphumu, musayatse kanthu m'nyumba iwo alimo. Mukafunitsitsa, fukizani iwo atachoka, mutsegule mazenera kwa ola lathunthu asanabwere, kapena yesani mafuta a pa kakandulo dontho limodzi kaye.

Ngati muli ndi khonde kapena balaza lopita mphepo, ndipo mumafuna fungo la nthawi ya pemphero kapena la Loweruka mutakolopa nyumba yonse, utomoni pa khala m'mbale yadothi ndiwo wanu.

Ngati mumalandira alendo kawirikawiri, kapena mukufuna zovala za ku kitchen party zikanunkhire mpaka mawa lake, bakhoor ndiye amagwira ntchito imeneyo, ndipo sankhani chofukizira chotchaja ngati kwanu magetsi amavuta.

Wa saluni kapena kashopu kolowa anthu osiyanasiyana asankhe fungo lopepuka, kamtengo kamodzi m'mawa asanatsegule, osati tsiku lonse makasitomala ali mkati.

Chamathithi chija gulani ngati mukufuna mphatso yoti munthu akaione n'kusekerera, koma mumugulirenso makoni obooka okwanira ndi mswachi.